Ejenti amene anandibweretsera Mustang: pa mapepala ndi katakwe, koma pamsewu anandilakwira

Anthu akhala akundiimitsa pomwetsera mafuta, ena pabwalo la tchalitchi, ena mpaka kundilondola ndikamatuluka mu shopu, ndipo funso lawo limakhala limodzi: galimoto iyi inafika bwanji kuno, nanga anakuthandizani ndani? Tsopano papita nthawi yokwanira, mtima unakhala pansi, ndiye ndati ndilembe zonse kamodzi. Dzina la ofesi ya ejenti amene anandiyendetsera mapepala oitanitsira galimotoyi sinditchula. Ndili ndi zabwino zambiri zonena za iwo, koma ndilinso ndi madandaulo atatu, ndipo sindikufuna kuti madandaulo anga agwetse bizinesi ya anthu amene anandigwirira ntchito mokhulupirika pa zinthu zina zikuluzikulu. Ndi ofesi yaing'ono ku Old Town mu Lilongwe, zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo, mwini wake ndi mayi wachikulire ndithu, ndipo ali ndi anyamata awiri oyendetsa mapepala.

Galimotoyo ndi Ford Mustang GT ya 2013, yofiira, injini yake V8 ya malita 5.0, magiya asanu ndi limodzi osintha ndi dzanja, chiwongolero kumanzere. Inapangidwa ku Flat Rock m'chigawo cha Michigan. Bambo anga anali makaniko ku Kawale, ndipo pakhoma la galaja yawo panali kalendala yakale imene sanaichotse ngakhale chaka chake chinatha kalekale, chifukwa cha chithunzi cha Mustang yofiira chimene chinali pamenepo. Ndinakula ndikuyang'ana chithunzi chimenecho ndikamawapatsira sipanala. Iwo ndi amene anandiuza kuti galimoto imeneyi inayamba kugulitsidwa mu 1964, chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu, ndipo ankakonda kunena kuti Mustang ndi Malawi ndi akafumbata amodzi. Anamwalira asanaione ndi maso. Ine ntchito yanga ndi yomanga nyumba, ndipo mwayi unabwera pamene alamu anga amene amakhala ku Indiana anandipatsa ntchito yowamangira nyumba ku Area 49. Tinagwirizana kuti gawo lina la malipiro anga likhale galimoto ndi mtengo woitumizira. Popanda zimenezo, ndi mmene madola akusowera m'mabanki muno, sindikanayerekeza n'komwe.

Ndisanafike kwa mayiwa ndinayenda m'maofesi ena atatu. Awiri mwa iwo atangomva kukula kwa injini anatsitsa mawu n'kundiuza kuti invoyisi tikhoza kuikonza kuti msonkho utsike. Wachitatu anandipatsa mtengo wapakamwa ataima pakhomo, osalemba paliponse. Mayiwa anachita zosiyana. Anandikhazika pampando, n'kutenga pepala ndi cholembera, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Bambo, ndikuuzeni zoona musanataye ndalama. Galimoto imeneyi msonkho wake udzaposa mtengo wogulira ndi wotumizira kuphatikiza pamodzi. Ngati mtima ukadalipo, tiyeni tiwerengere." Anandifotokozera kuti a MRA amayambira pa mtengo wa galimoto, kuwonjezapo wa sitima ndi inshuwalansi yapanyanja, kenako pamabwera dyute, pamwamba pake ekisaizi imene imakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo pomaliza VAT, imene nthawi imeneyo inali 16.5 peresenti, imawerengeredwa pamwamba pa zonsezo. Injini ya 5,000cc ndi galimoto ya zaka khumi, ndiye kuti mbali zonse ziwiri zikukutsutsa. Za kukonza invoyisi anakana asanamve n'komwe maganizo anga. Anati amisonkho ali ndi ufulu woika mtengo wawo akaona kuti wolembedwawo ndi wokayikitsa, ndipo laisensi imene ingalandidwe ndi yawo, osati yanga.

Panali funso lina limene ndinabwera nalo. Kuyambira mtundu wa 2015, Ford inayamba kupanga Mustang ya chiwongolero cha kumanja ku fakitale komweko, ndipo zimenezi zimagulitsidwa ku South Africa, ku UK ndi ku Australia. Mnzanga wina anandiuza kuti ndikagula ku Johannesburg ndilipira msonkho wochepa chifukwa cha mgwirizano wa SADC. Mayiwa anapukusa mutu. Anati mgwirizanowo umayang'ana kumene katundu anapangidwira, osati kumene wagulidwa, ndipo Mustang ngakhale itakhala zaka zisanu ku Johannesburg ndi ya ku America basi. Ndinasankhabe ya 2013, mwina chifukwa maonekedwe ake ndi amene amafanana kwambiri ndi ya pakalendala ija, komanso ndalama za alamu zimathera pomwepo. Tisanapite patsogolo anandilangiza kuti ndipite ndekha ku ofesi ya Road Traffic kukafunsa za kalembera wa galimoto ya chiwongolero cha kumanzere, ndimve ndi makutu anga, osati kudalira mawu a ejenti. Langizo limeneli ndikulipereka kwa aliyense amene akuwerenga pano.

Pogula m'pamene ndinaona kuti mayiwa ntchito yawo amaidziwa. Galimoto zotsika mtengo ku America zimapezeka m'misika ya pa intaneti yogulitsa galimoto zimene makampani a inshuwalansi anazilipira zitachita ngozi, ndipo zithunzi zake zimakhala zokopa. Ine ndinagwa m'chikondi ndi yakuda ina imene pathupi pake panalibe ngakhale kachikanda. Ndinawatumizira pa WhatsApp usiku, m'mawa mwake anandiyankha mwachidule: "Chikomekome cha mkuyu, bambo. Onani pepala lake." Pepala la umwini wa galimoto imeneyo linali la mtundu wosonyeza kuti ndi yophwasula basi, ndipo titafufuza mbiri yake ndi nambala ya chasisi tinapeza kuti inamizidwa ndi madzi osefukira. Galimoto yomira imaoneka bwino kunja, koma mawaya ndi makompyuta ake amawola pang'onopang'ono. Alamu nawonso anawonjeza nzeru yawo, kuti tisagule ya kumpoto kumene iwo amakhala, chifukwa m'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndipo mcherewo umadya galimoto kunsi. Tinapeza yofiirayi ku Georgia. Inagundidwa kumbuyo, chitseko cha buti ndi bampala zinali zopindika, koma injini ndi chasisi zinali bwino.

Malamulo a ku America amafuna kuti pepala lenileni la umwini liperekedwe kwa akasitomu a kumeneko maola 72 galimoto isanatuluke m'dziko. Mayiwa ankazidziwa zimenezi ngakhale sanapondeko ku America, ndipo anakakamira alamu kuti asalole galimoto kulowa m'kontena pepalalo lisanafike kwa otumiza. Kenako panachitika chinthu chaching'ono chimene mpaka lero ndimachikumbukira. Otumiza atatitumizira pepala la sitima kuti tilione lisanasindikizidwe, ine ndinangoyang'ana dzina langa ndi dzina la doko, n'kunena kuti zili bwino. Mayiwa anavala magalasi, n'kuika chithunzi cha nambala ya chasisi pambali, ija imaoneka pansi pa galasi lakutsogolo, n'kuyamba kuwerenga chilembo chimodzichimodzi akuloza ndi nsonga ya cholembera. Nambala imeneyi imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Atafika chapakati anaima. Pamene panayenera kukhala 5, wolemba anaika S. Anati cholakwika chimenecho chikanafika ku Dar es Salaam, galimoto ikanakhala padoko milungu ingapo kudikira kuti pepala likonzedwe, uku ndalama yosungira ikukwera tsiku ndi tsiku. Anandiphunzitsanso kuti m'nambala zimenezi simupezeka zilembo I, O ndi Q, kuopa kusokoneza ndi 1 ndi 0. Ndalama yonse imene ndinawalipira ndimaiona kuti inabwerera pa tsiku limenelo.

Kontena inanyamuka padoko la Savannah kumayambiriro kwa Okutobala 2023. Pa 9 Novembala, galimoto ili pakati pa nyanja, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Ndinamva pawailesi ndili pa sayiti, ndipo miyendo inazizira, chifukwa ndinadziwa kuti msonkho umawerengeredwa pa mtengo wa m'madola n'kusinthidwa kukhala makwacha pa tsiku lolipira. Pa K10 miliyoni iliyonse imene ndinakonza, tsopano pamafunika K14.4 miliyoni. Sindinawaimbire ine, anandiimbira ndi iwo, tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Sanandinyengerere. Anandiwerengera nambala yatsopano, n'kundikumbutsa kuti pa kotesheni ija analemba mitengo m'madola ndi m'makwacha momwe, ndi mzere pansi wonena kuti ya makwachayo ikhoza kusintha. Ndinapita kukaitulutsa mu fayilo, ndipo mzerewo unalipodi. Malipiro awo sanakweze ngakhale tambala, ngakhale zinthu zonse m'tauni zinakwera sabata yomweyo. Petulo amene tinkagula K1,746 pa lita anafika pa K2,530. Usiku umenewo ndinakhala pakhonde osalankhula, mayi akunyumba anabwera ndi tiyi n'kunena kuti, "Bambo, walira mvula walira matope. Gulitsani puloti ya ku Chitedze ija, galimoto isakawolere padoko la eni." Ndinagulitsadi. Ndikunena izi poyera kuti wina asaganize kuti nkhani imeneyi ndi ya ulemerero wokhawokha. Puloti imeneyo ndimaiganizirabe.

Mpaka pamenepa, ndikanafunsidwa, ndikanati ofesi imeneyi ilibe banga. Mavuto anayamba sitima itakocheza.

Dandaulo loyamba ndi la padoko. Mayiwa ali ndi mnzawo wa bizinesi ku Dar es Salaam amene amatulutsa katundu kumeneko. Kontena inafika kumayambiriro kwa Disembala, koma munthuyo anachedwa kupereka mapepala, masiku aulere anatha, ndipo galimoto inakhala masiku asanu ndi anayi owonjezera. Kuchedwa ndimakumvetsa, kumachitika. Chimene chinandipweteka ndi chete. Munthu amene anandiimbira yekha tsiku la kugwa kwa kwacha, tsopano foni yake imangoitana. Anyamata a mu ofesi ankangoti, "Bwana, zikutheka, mawa tikuuzani." Mawa lakelo linatenga sabata. Nditapita ndekha n'kukhala pampando osasuntha, m'pamene anandiuza zoona, ndipo ndinaona kuti manyazi ndi amene ankawatsekera pakamwa, chifukwa cholakwa chinali cha mbali yawo. Bilu yosungira inabwera m'madola. Poyamba anafuna kuti ndilipire yonse. Ndinawakumbutsa kuti mapepala anga onse anali m'manja mwawo milungu itatu sitima isanafike, ndipo titakambirana kwa nthawi anavomera kulipira theka. Ine ndimaonabe kuti anayenera kulipira yonse.

Dandaulo lachiwiri ndi lalikulu. Kuyambira tsiku loyamba ndinanena kuti galimoto iyi isayendetsedwe, inyamulidwe pa lole ija yonyamula magalimoto. Amene anayendapo njira imeneyi akudziwa: Morogoro, mahampu a m'nkhalango ya Mikumi, phiri la Kitonga, Iringa, Mbeya, mpaka Kasumulu n'kuwoloka Songwe. Mustang ndi yofupika kwambiri kunsi, si Hilux. Ndinalipira mtengo wa lole, ndipo inanyamulidwadi mpaka pachipata cholowera m'Malawi cha Songwe, pomwe msonkho unalipidwa n'kutuluka satifiketi ya kasitomu popanda vuto lililonse. Koma lole inathera pomwepo. Kuchokera pa Songwe kudzafika ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 600, anapereka makiyi kwa dalaivala wa ma IT, aja oyendetsa galimoto zongobwera kumene kuchokera kunja, osandifunsa. Nditafunsa pambuyo pake anati pa kotesheni panalembedwa kuti lole mpaka pachipata, ndipo ndi zoona, panalembedwa choncho, ine sindinazindikire tanthauzo lake. Koma munthu amene anaona S pamalo pa 5 sakanalephera kuona kuti ine ndikuganiza kuti lole ifika mpaka kuno. Anazolowera kuti Vitz ndi Sienta zimayendetsedwa kuchokera pachipata, ndipo anaitenga galimoto yanga ngati imodzi mwa izo.

Ndinakailandira payadi ina ku Kanengo masiku ochepa Khirisimasi isanafike. Mtima unagunda nditaiona, sindinama, ndinaima kaye osaikhudza. Kenako ndinagwada kuyang'ana kunsi. Mlomo wapansi wa bampala yakutsogolo unali utang'ambika n'kumangidwa ndi waya. Limu yakutsogolo kumanja inali yopindika m'mphepete, ndipo sindinadabwe, chifukwa munthu amene sanagwirepo chiwongolero cha kumanzere sadziwa pamene tayala la mbali inayo likuponda, ndiye onjezani maenje a pakati pa Karonga ndi Chiweta. Ndinali ndi chithunzi cha mita ya mtunda chimene anajambula pa Songwe. Nditachotsera, galimoto inali itayenda mamailosi pafupifupi 80 kuposa mtunda wa njirayo. Nditatsegula buti ndinamva fungo la usipa, ndipo m'makona mwa kapeti munali njere za mpunga wa Kilombero. Ndinatola njere zingapo n'kuziika m'thumba la shati. Tsiku lotsatira ndinakaziika patebulo pa mayiwa osanena kanthu. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, pepani. Apa talakwa ndife." Anagula limu ina ndi ndalama zawo, ndipo anandiuza kuti dalaivalayo sadzamupatsanso ntchito. Bampala ndinakonzetsa ndekha. Kupepesa kwawo ndinakulandira chifukwa sanazembe, koma kilatchi ya galimoto ya mphamvu za akavalo 420 imene inakwera Chiweta itasenza matumba a mpunga m'manja mwa munthu wosaidziwa, palibe amene angandiuze kuti inatha bwanji tsiku limenelo.

Dandaulo lachitatu ndi limene landichititsa kulemba zonsezi, chifukwa silikhudza thumba langa lokha. Titagula inshuwalansi, mayiwa anandiuza kuti zonse zili m'malo, mawa lake tipite kukayezetsa. Madzulo amenewo ndinaichotsa ku Kanengo kupita nayo kunyumba ku Area 25, mtunda waufupi, mdima utangoyamba. Galimoto iliyonse yobwera kutsogolo inkandithwanimira magetsi, ina mpaka kuimba hutala. Ndinayang'ana, magetsi anga anali otsitsa. Ndili m'kati modabwa, wakabaza wonyamula mayi ndi mwana kumbuyo anangotulukira kumanzere kwanga, pafupi kwambiri moti ndinaona nsalu ya mayiyo ikupepeluka pambali pa galasi. Sindinamuone ali patali. Ndinaima pambali manja akunjenjemera. Nditafika kunyumba ndinalozetsa galimoto kukhoma la mpanda n'kuyatsa magetsi, ndipo nkhani yonse inali pakhomapo. Mzere wa kuwala unali wotsika kumanzere, wokwera kumanja. Ku America amayenda kumanja kwa msewu, ndiye nyale zawo zimakweza kuwala kumanja kuti ziunike m'mphepete mwa msewu ndi zikwangwani, n'kutsitsa kumanzere kuti zisathobwe obwera kutsogolo. Kuno timayenda kumanzere. Ndiye kuti nyale zanga zinkaponya kuwala m'maso mwa madalaivala anzanga, n'kusiya mumdima mbali imene kumayenda anthu apansi, njinga, ana ochokera kuchigayo ndi ngolo.

Ofesi imene inalemba pa kotesheni kuti idzandithandiza mpaka galimoto ikhale yoyenera kuyenda pamsewu sinanene liwu limodzi za nyale. Nditawauza, mayiwa anavomera kuti sankadziwa. Galimoto zimene amatulutsa tsiku ndi tsiku ndi za ku Japan ndi ku UK, maiko oyenda kumanzere ngati ife, ndiye nkhani imeneyi sinawapezepo. Ndikumvetsa, koma amene walandira ndalama ya ntchito yachilendo amayenera kufunsa kwa odziwa. Ndinaimitsa zokayezetsa mpaka chaka chatsopano.

Amene anandipulumutsa ndi madala ena a zamagetsi a galimoto ku Biwi, amene mnzanga wa malole anandilozera. Shedi yawo ndi ya malata, yodzaza ndi ma alitaneta akale, koma mutu wawo ndi wakuthwa. Anachotsa nyale zonse ziwiri, n'kutenthetsa guluu wa m'mphepete ndi mpweya wotentha mpaka galasi linalekana ndi chikombole chake popanda kusweka. Anandichenjeza kuti ndisakhudze mawaya, chifukwa mababu a mtundu umenewu amayaka ndi mphamvu yaikulu ya magetsi. Kuseri kwa diso la galasi lija anatulutsa kachitsulo kopyapyala, kosaposa chikhatho cha mwana, kokhala ndi kasitepe m'mphepete mwake. "Mwana wanga," anatero akukaika m'dzanja langa, "America yonse ili apa." Kachitsulo kameneka ndi kamene kamadula kuwala, ndipo kasitepeko ndi kamene kamasankha mbali yokwera. Anasema tina tiwiri totembenuza, akuyeza ndi kupala ndi fayelo masana onse, n'kumatanso nyale bwinobwino kuti madzi asalowe. Dzuwa litalowa tinakankhira galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma, anajambula mizere ndi choko molingana ndi kutalika kwa nyale, n'kumapotoza zomangira pang'onopang'ono mpaka mzere wa kuwala unagona pansi pa choko, kasitepe kakukwera kumanzere. Ntchito ya masiku awiri, ndipo ndalama imene anatchula inali yochepa kuposa ya tsiku limodzi losungira galimoto padoko.

Iwo omwewo ndi amene anandionetsa za ma indiketa akumbuyo. Pa Mustang ya ku America ndi ofiira, ndipo ndi nyale zomwezo za mabuleki, timizere titatu toyaka motsatizana kulowera mbali imene ukukhotera. N'zokongola kuziona, ndipo ndinamva chisoni kuzisintha. Koma madalawo anandifunsa funso limodzi: dalaivala wa minibasi amene ali pambuyo panu pa Mchesi masana dzuwa likuswa mtengo, akaona chofiira chikuphethira, aganiza kuti mukukhota kapena mukuponda mabuleki? Maso athu kuno anazolowera chikasu. Anaika tinyale tachikasu pansi pa nyale zofiirazo n'kulekanitsa mawaya ake, moti tsopano chofiira ndi buleki basi. Tinamatanso zonyezimira, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, zilembo za LHD kumbuyo kuti wotsatira adziwe mbali imene dalaivala wakhala, ndipo m'buti munalowa ma tirayango awiri ndi chozimitsira moto. Singano ya liwiro imawerenga mamailosi, ndiye ndinamata timapepala ting'onoting'ono pagalasi lake: pa 31 ndi pamene pali 50 yathu, pa 50 ndi 80, pa 62 ndi 100. Musachipeputse chimenechi. Ukaona chikwangwani cha 50 pa tauni ya m'mbali mwa msewu, singano n'kuloza 50, ndiye kuti ukudutsa pakati pa anthu ogulitsa tomato pa liwiro la 80.

Zitatha izi tinabwerera kwa mayiwa, ndipo pa gawo lotsala anabwereranso kukhala akatswiri aja. Mnyamata wawo anali atandandalika mapepala mu fayilo motsatira dongosolo lake: satifiketi ya kasitomu, kalata ya apolisi a Interpol yotsimikiza kuti galimoto si yobedwa, inshuwalansi, khadi langa la Road Traffic. Anandiuziratu masiku amene ndiyenera kupezekapo ndekha chifukwa cha chidindo cha chala, ndi amene angayende yekha. M'masiku atatu a Januwale 2024 galimoto inayezedwa, COF, satifiketi yoti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, inatuluka, nambala inamangidwa, bulu buku ili m'manja. Ndalama iliyonse imene anandipempha inabwera ndi lisiti lake, ndipo palibe tsiku limene anandiuza kuti tiwonjeze kenakake ka fanta ya munthu. Anthu amene anayendetsapo mapepala a galimoto kudzera mwa madobadoba adziwa kulemera kwa zimene ndikunenazi.

Pali zina zimene ejenti aliyense sangakuchotsereni. Chiwongolero cha kumanzere pa M1 ndi ntchito. Ukakhala pambuyo pa thiraki sungaone kutsogolo pokhapokha utatulutsa galimoto yonse mumzere, ndiye ndikakhala ndekha sindipitirira, ndimadikira mpaka msewu utatseguka poonekeratu. Tikakhala awiri, mayi akunyumba ndiwo maso anga, ndipo tinagwirizana kuti mawu ndi awiri okha, "dikirani" ndi "pitani", palibe "mwina". Pa tolugeti ya Kalinyeke ku Dedza zenera lolipirira lili mbali yawo, ndiye amalipira ndi iwo. Ndikakhala ndekha ndimamasula lamba n'kutambasuka kudutsa mpando wonse. Pa rodibuloko wapolisi amayamba wapita kuzenera la kumanja, n'kupeza munthu wopanda chiwongolero. Mahampu ndimakwera chopingasa, tayala limodzilimodzi, ndipo nyengo ya mvula msewu wa kwathu ukakumbika galimoto imakhala m'galaja milungu. Thanki yake ndi ya malita pafupifupi 61, ndiye pa mtengo uja wa K2,530 kudzaza kunkadya K154,000, ndipo m'tauni lita imodzi imandiyendetsa makilomita asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Mafuta atasowa kumapeto kwa 2024 sindinaiike n'komwe pamzere, ndinkayendera pikapu ya kuntchito. Oyilo imamwa malita pafupifupi asanu ndi atatu a 5W-20, ndipo mafyuluta ndi mabuleki amabwera m'chikwama cha alamu kapena cha aliyense wochokera kumeneko amene ndamugwira mwendo. Koma Lamlungu m'mawa, msewu wa bayipasi uli phee, ndikatsika giya n'kumva kubangula kwa injini ija kumbuyo kwanga, ndimakumbukira bambo anga atagona pansi pa Peugeot ya munthu akundiuza kuti ndiwapatse sipanala ya 13.

Amene mukufuna kudziwa ngati ndingakutumizeni ku ofesi imeneyi, yankho langa ndi lakuti inde, pa kuwerengera msonkho, kufufuza mapepala ndi kalembera, pitani mtima uli m'malo. Koma pa kotesheni palembedwe kuti lole idzatsitsa galimoto ku Lilongwe, dzina la mzinda lioneke ndi maso. Mugwirizane polemba kuti kuchedwa kwa padoko kukachokera mbali yawo, bilu ndi yawo. Mita ya mtunda ijambulidwe padoko ndi pachipata pomwe. Ndipo galimoto isayende usiku ngakhale kamodzi nyale zake zisanaunikidwe pakhoma.

Mwezi wathawu foni inalira ndili pamwamba pa denga ku Area 43. Anali mayi aja. Atandifunsa za kunyumba anati ali ndi kasitomala amene akubweretsa Dodge kuchokera ku Texas, ndipo amafuna nambala ya madala a ku Biwi aja kuti nyale zikakonzedwe galimoto ikangotsika pa lole. Ndinawafunsa kuti lole yake ikathera pati. Anati, "Ku Kanengo, bambo, ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu." Ndinatsika pamakwerero kukawafunira nambalayo m'buku langa la m'galimoto.